Kuno Wakuda Ndiye Wamoto

Januwale 1997

Amene anayamba kundibweretsera uthengawu anali Mayi Zulu, mkazi wa mnzathu wakuntchito amene anavulala. Linali Lachinayi masana, ine ndili pa benchi yanga yogwirirapo ntchito ku shopu ya kampani yathu ku Brampton, ndikumanga mitolo ya mawaya. Ndinangomva chitseko chikutseguka, mphepo n'kundimenya m'miyendo. Potembenuka ndinaona mayiwo ataima, atavala yunifolomu ya ku hotela kumene ankakonza zipinda, jekete ili m'manja osaivala, pamene kunja sino, chipale chofewa cha kuno, anali wofika m'mawondo. Anayankhula m'Chinyanja chawo cha ku Chipata kuti, "Amake Chikondi, nipelekezeni ku chipatala. Malaiti awagwira a Zulu ku Oakville. Nekha siningakwanise." Malaiti kwawo ndiwo magetsi. Ndinafunsa kuti nyumba yake iti. Anati dzina sanaligwire, koma bwana pafoni anena kuti ndi kwa mayi wokalamba wa agalu awiri. Nyumba imeneyo ndinkaidziwa, ndipo ndinkadziwanso zimene zinali m'kabokosi ka suwichi m'chipinda chake chapansi.

Ana anga, Chikondi ndi Madalitso, nkhani imeneyi munakula mukuimva zidutswazidutswa, kwa anthu a kutchalitchi ndi kuseri kwa zitseko. Tsopano ndapuma pantchito, manja sakuthanso kupota waya, ndiye ndati ndiilembe ndekha yonse. Ndikulemba m'Chichewa ngakhale mumandiyankha m'Chingerezi, chifukwa zinthu zina sizituluka m'kamwa mwanga m'chiyankhulo cha eni ake. Pamene mwakanika mudzapeze wina akuwerengereni. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, ndiye musayembekeze zokometsera.

1991 mpaka 1994

Ndinafika ku Canada mu 1991 kudzalera ana a banja lina la madokotala a kwathu ku Mississauga. Inu ndinakusiyani ku Thyolo ndi bambo anu. Banja limenelo linandisunga bwino, Mulungu awakumbukire, koma ana atayamba sukulu ntchito yanga inatha. Amene anandipezera ina anali Bambo Zulu. Tinadziwana ku mapemphero a m'nyumba amene Amalawi ndi a ku Zambia tinkachita limodzi. Anali munthu wamfupi, woseka ndi thupi lonse, wogwira ntchito ya mapaipi a gasi pa kakampani koika mafanesi. Fanesi ndiye ng'anjo imene imakhala m'chipinda chapansi n'kumatumiza mpweya wotentha m'nyumba monse. Kwathu kukazizira mu Juni munthu amangowonjezera bulangete. Kuno fanesi ikazima mu Januwale, mapaipi a madzi amaphulika ndipo nkhalamba imafera pampando.

Mwini kampaniyo anali Bwana Mareki, wochokera ku Poland, munthu wa mawu ochepa. Chingerezi chake chinali chothyokathyoka ngati changa, ndiye tinkamvana bwino. Poyamba ndinkasesa ndi kusanja zipangizo. Tsiku lina anandipeza nditasanja tizidutswa ta mawaya potsata mitundu yake, popanda wondituma. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Iwe maso uli nawo. Bwera." Anandiphunzitsa mawaya ang'onoang'ono a themositati, kabokosi ka pakhoma kamene kamauza fanesi kuti yaka kapena zima. Wofiira amabweretsa mphamvu, woyera amaitana kutentha, wobiriwira amayendetsa fani, wachikasu ndi wa makina oziziritsa m'chilimwe. Amenewa mphamvu yake ndi yochepa, sapha munthu, ndipo ndinkaloledwa kuwagwira. Ndinaphunzira kuwadutsitsa m'kati mwa khoma popanda kuboola malo ambiri, kulumikiza chosefa fumbi, ndi chija chothira chinyezi mumpweya, chimene ife tinkangoti chachinyezi. Bambo Zulu anayamba kunditcha injiniya. Ankati, "Onani a injiniya a ku Nyasalande afika, manje fanesi iyamba kukamba Chichewa."

Waya wamkulu wochokera ku bokosi la magetsi a nyumba sunali ntchito yanga, unali wa anthu a laisensi. Komabe Bwana Mareki anandiimika tsiku lina, nandionetsa mawaya awiri a m'kati mwake. Anagwira wakuda nati, "Uyu ndi imfa." Anagwira woyera nati, "Uyu ndi njira yobwerera. Suwichi ya fanesi imadula wakuda, nthawi zonse wakuda." Anandiuza kuti ndibwereze katatu ngati mwana wa sukulu, ndipo ndinabwereza.

1995 mpaka 1996

Mapepala anga atatheka ndinakuitanani nonse, ndipo munafika mu 1995. Tsiku limenelo ndinavina pabwalo la ndege anthu akundiona. Bambo anu, a Phiri, anali atagwira ntchito ya magetsi zaka makumi awiri pa fakitale ya tiyi. Kumeneko makina akaima, ngakhale azungu ankati itanani a Phiri. Kuno anatenga masatifiketi awo m'chikwama chachikopa kupita nawo ku maofesi, ndipo anawauza kuti ayambirenso ngati wophunzira. Anakapeza ntchito yonyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu kufupi ndi bwalo la ndege. Ndinkawaona akuchepa mwezi ndi mwezi. Madzulo ankatulutsa tesita yawo yakale, kasikuludiraiva ka nyali kumapeto, n'kumaipukuta ndi mpango, kenaka n'kuibwezera m'thumba. Chinkawapweteka kwambiri n'chakuti ine, mkazi wawo amene kwathu sindinkasintha ngakhale babu, ndine ndinkachoka m'mawa nditanyamula bokosi la zipangizo.

Ndine ndinakawapemphera ntchito kwa Bwana Mareki. Zimenezi ndizinene poyera, kuti wina asadzati anadzilowetsa okha. Anawalemba ngati wothandiza kunyamula. Koma dzinja la kuno la 1996 litayandikira, anthu ambiri ankachotsa mafanesi akale a mafuta n'kuika a gasi, ndipo munthu wathu wa laisensi ya magetsi anachoka kupita ku kampani yaikulu. Amisiri anasowa paliponse. Foni inkalira kuyambira m'mawa, anthu akudandaula kuti ana akuzizidwa. Bwana Mareki anaona mmene manja a bambo anu ankagwirira pulayala, ndipo anayamba kuwasiyira waya wamkulu mwakachetechete. Masabata amenewo bambo anu anayambanso kuimba mluzu posamba.

Apa ndi pamene pali phata la nkhani. Kwathu, m'masiku amene bambo anu ankaphunzira ntchito, waya wofiira ndiye anali wamoto, ndipo wakuda anali wobwerera. Mmisiri aliyense anauzidwa kuti wakuda sadulidwa ndi suwichi. Kuno ndi mosemphana, wakuda ndiye wamoto. Bambo anu anauzidwa zimenezi, ndipo mutu wawo unamva. Koma manja amene achita chinthu chimodzi zaka makumi awiri ali ndi nzeru zawozawo, makamaka munthu akatopa ndi kuzizidwa.

Novembala 1996

Kunyumba ya mayi wa agalu awiri ku Oakville tinapita atatu: Bambo Zulu, bambo anu ndi ine. Inali nyumba yaikulu, kapeti yake yoyera moti tinavula nsapato pakhomo. Inali nyumba yachitatu tsiku limenelo ndipo tonse tinali titatopa. Ine ndinamaliza kuika themositati pabalaza, n'kutsika masitepe ndi mapeto a waya wanga. Nditafika pansi ndinaona bambo anu ali pa kabokosi ka suwichi pakhoma. Mawaya akuda awiri anali atawapota pamodzi n'kuwaveka kachipewa kake, ndipo ankamanga oyera pa suwichi. Ndinaona bwinobwino, nyali inali pamwamba pawo penipeni. Ndinatsegula pakamwa. Koma Bambo Zulu anali pomwepo, atagwada pa paipi ya gasi, akuimba kanyimbo kawo. Ndinakumbukira zimene anatilangiza azimayi akuluakulu tisanalowe m'banja, kuti mwamuna sadzudzulidwa pamaso pa mwamuna mnzake, ukamuona walakwa umadikira chitseko chitsekedwe. Ndinaganizanso za mluzu uja wa kubafa. Ndinatseka pakamwa panga, ndipo bambo anu anatseka kabokosi.

Choopsa cha cholakwa chimenechi n'chakuti sichioneka. Tinayatsa fanesi, inayaka. Tinazimitsa suwichi, inazima. Koma suwichi ikakhala pa waya woyera, makina amaima pamene moto udakali m'kati mwake, ngati kutseka paipi kumapeto madzi ali odzaza. Mayi wa nyumbayo anatipatsa tiyi ndi mabisiketi, natiyamika kuti ndife anthu aukhondo.

Kunyumba ndinayesa kunena, koma ndinanena mozungulira monga tinazolowera. Ndikuwapatsa madzi osamba m'manja ndinati, "Bambo a Chikondi, mawaya a kuno ngosokoneza, eti? Bwana amati wakuda ndiye wamoto." Anandiyang'ana nati, "Nabanda, mwayamba liti kundiphunzitsa magetsi? Pa themositati panu paja wobweretsa mphamvu ndi uti, si wofiira?" Ndinati ndi wofiira, koma uja ndi wamng'ono. Anati, "Ndamva. Zimenezo ndimazidziwa." Sindinatchule Oakville. Sindinanene kuti ndinaona. Ndinadziuza kuti amva ndipo akakonza, ngakhale ndinkadziwa kuti alibe chifukwa chobwererera kunyumba imeneyo. Ndinapemphera kuti Mulungu atchinge, n'kuisiya nkhaniyo m'manja mwake ngati kuti Iye ndiye anali ndi sikuludiraiva.

Januwale 1997, kuchipatala

Ine ndi Mayi Zulu tinakwera mabasi awiri. Njira yonse anandigwira dzanja. Kuchipatala tinapeza Bwana Mareki, amene anatifotokozera. Mayi wokalamba uja anapempha chachinyezi, ndipo Bambo Zulu anapita okha kukachiika. Polumikiza kapaipi ka madzi, madzi ena anatayikira pansi. Kenaka anapisa dzanja m'fanesi ataponda ponyowapo. Magetsi anawagwira, ndipo pogwa anamenyetsa mutu pa sitepe ya simenti. Agalu ndi amene anauwa mpaka mwini nyumba anatsika. Bwana Mareki anati atafika kunyumbako anapeza suwichi ili yoyatsa. Anapukusa mutu nati, "Zaka zonsezi, Zulu waiwala kuzimitsa." Patapita nthawi tinadzamva kuti mayi wokalambayo ndiye anaiyatsanso ambulansi itachoka, chifukwa nyumba inayamba kuzizira. Koma tsiku limenelo aliyense anakhulupirira kuti Bambo Zulu anachita mosasamala. Mkazi wawo analira nati, "A Zulu naimwe, nthabwala zanu izi, onani manje."

Anatsitsimuka patatha masiku atatu. Mbali ya kumanja sinkagwira, mawu ankatuluka limodzilimodzi, ndipo za tsiku limenelo sankakumbukira kanthu. Munthu mmodzi yekha padziko ankadziwa kuti Bambo Zulu anazimitsa suwichi ija, ndipo munthuyo ndinali ine. Ndinkadziwanso kuti panali nyumba zina zisanu zimene bambo anu anaikamo suwichi. M'nyumba zimenezo tsiku lina munthu adzazimitsa, n'kupisa dzanja ali ndi mtima wokhazikika.

Loweruka lotsatira m'mawa, inu mutapita kokasewera, ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wa bambo anu. Ulendo uno sindinazungulire. Ndinati, "Bambo a Chikondi, ku Oakville suwichi munaiika pa woyera. Ndinaona ndi maso anga." Anayang'ana m'kapu ya tiyi imene inali m'manja mwawo. Kenaka anati, "Mukufuna kunena kuti ndine ndapundula Zulu?" Ndinati, "Ndikunena kuti ndife, inu ndi ine." Anaika kapu pansi, ndipo ndinaona dzanja lawo likudzipotera lokha pabondo, ngati likumanga waya. Nkhope yawo inasintha. Anali atakumbukira.

Anati, "Musauze munthu. Ndikakonza ndekha mwakachetechete." Ndinafunsa kuti akalowa bwanji m'nyumba za eni ake popanda vani ya kampani, ndipo akanena kuti abwerera chiyani. Ndinafunsanso za dzina la Bambo Zulu, amene anthu ankati ndi wosasamala iwo ali gone osatha kudziyankhira. Bambo anu anati, "Nabanda, dziko lino landilanda mapepala, landilanda ulemu. Chatsala ndi dzina loti a Phiri amadziwa magetsi. Mukapita kwa mzungu uja, mwandivula pamsewu, ndipo wondivulayo ndinu mkazi wanga." Ndinawapempha kuti tipite limodzi, akanene okha. Anati sangathe. Sanakalipe. Anangoti sangathe, n'kulowa kuchipinda.

Lamulungu kutchalitchi sindinamve ulaliki. Ndinkangoti, Ambuye, mwandipatsa mwamuna wabwino, ndipo mwandipatsanso maso. Ndichite nazo chiyani ziwirizi? Yankho lochokera kumwamba sindinalimve. Chimene ndinaona ndi mpando wa Bambo Zulu uli wopanda munthu, pamene ankakhala akuombera m'manja mosemphana ndi anzawo.

Lolemba ndinauza bambo anu kuti ndikupita kukanena. Sanadzuke kupita kuntchito. Ndinapeza Bwana Mareki akukweza mapaipi m'vani. Nditamaliza kufotokoza anatukwana m'chiyankhulo chakwawo, nakhala pansi pa khomo la vani. Anati, "Ukudziwa kuti zimenezi zikundimaliza inenso? Ndine ndinamupatsa waya wopanda laisensi." Ndinati ndikudziwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati tsiku lija la tizidutswa ta mawaya, kenaka anati, "Tenga bokosi lako." Tinayenda nyumba zonse zisanu ndi imodzi tsiku lomwelo, kuyambira ku Oakville mpaka ku Brampton. Pa nyumba iliyonse iye ankazimitsa magetsi ku bokosi lalikulu, ine n'kutsegula kabokosi ka suwichi. Ziwiri zinali bwino, ndipo zinali zimene tinkayambira m'mawa. Zinayi zinali pa woyera. M'nyumba ina munali mayi wa mwana wakhanda, zovala za mwanayo atazianika pa chingwe pafupi ndi fanesi. Anatifunsa ngati pali vuto. Bwana Mareki anati linalipo, latha.

1997 mpaka 1999

Bwana Mareki anakadzinenera yekha kwa oyendera ntchito a boma. Anamulanga, ntchito inachepa, vani imodzi anagulitsa, ndipo mu 1999 anatseka shopu. Bambo anu anachotsedwa sabata yomwe ndinaulula ija. Ine anandisunga pa benchi mpaka tsiku lomaliza, ndipo ndiye anandilembera kalata imene inandipezera malo ku fakitale ya mawaya ku Mississauga, kumene ndagwira mpaka kupuma. Ndimamuyamika munthu ameneyo. Akanatha kundiuza kuti nditseke pakamwa, ndipo mwina ndikanatseka kachiwiri.

Pakati pa anthu athu nkhani inayenda msanga. Ena anandigwira dzanja. Azimayi ena anati Nabanda wagulitsa mwamuna wake kwa azungu, Canada yamulowa m'mutu. Mayi wina wamkulu anandiitanira pambali nati, "Mwana wanga, za m'nyumba sizitulutsidwa." Ndinati, "Amayi, zikanakhala m'nyumba mwathu ndikanazisunga, koma zinali m'nyumba za eni ake."

Bambo anu anabwerera ku makatoni. Sanandimenye, sananditukwane, sanasiye kubweretsa chakudya pakhomo. Anangosiya kunditcha Nabanda. Ankati "mayi", monga mmene munthu amaitanira mlendo m'basi. Babu ikapsa ankadikira ine. Koma pali chinthu chimene muyenera kudziwa za bambo anu, chifukwa inu munkaganiza kuti Loweruka ankapita kuntchito. Loweruka lililonse, kwa chaka ndi theka, ankakwera basi kupita kwa a Zulu atanyamula lezala ndi sopo, n'kukawameta ndevu. Mayi Zulu anandiuza kuti amuna awiriwo sankayankhulana kwenikweni. Tsiku lina lokha Bambo Zulu anakoka mawu movutikira nati, "A Phiri, apa musasokoneze mitundu," ndipo anaseka ndi theka la nkhope, bambo anu misozi ikugwera m'beseni. Chakumapeto kwa 1998 bambo anu anati akupita kumudzi kukaona za nyumba. Sanabwerenso, ndipo mukudziwa kuti manda awo ali ku Thyolo. Tesita yawo anaisiya m'dirowa ya kukhitchini. Ili m'chikwama changa cha kutchalitchi, mudzaipeza.

Panatsala chinthu chimodzi. Anthu onse ankadziwa kuti ine ndinaulula cholakwa cha mwamuna wanga, koma kupatula bambo anu, Bwana Mareki yekha ndiye ankadziwa kuti ndinachiona mu Novembala. Mayi Zulu ankanditenga ngati mngelo. Ankauza anthu kuti amake Chikondi ndiwo anatsuka dzina la a Zulu. Mawu amenewo ankandiwotcha kuposa a azimayi ondinyoza aja. Mu 1999, shopu itatsekedwa, ndinapita kwawo masana ena. Ndinawapeza akusintha nsalu za pabedi, Bambo Zulu ali pa njinga yawo ya olumala pafupi ndi windo. Ndinanena zonse nditaimirira: masitepe, nyali, kanyimbo kamene amuna awo ankaimba, ndi pakamwa panga pamene ndinatsegula n'kutseka.

Mayi Zulu anasiya nsalu. Anayang'ana amuna awo, nayang'ana ine. Anati, "Munali pamenepo, a Zulu ali pafupi namwe?" Ndinati inde. Anati, "Sembe munakamba chabe, amake Chikondi. Mawu atatu chabe." Ndinamva fanesi ya nyumbayo ikuyaka pansi pa mapazi athu. Kenaka anatola nsalu ija, nandiponyera mbali imodzi, nati, "Gwirani uko, tiyale. Pambuyo munithandize kuwanyamula, msana wanga wasila." Tinayala, ndipo tinawanyamula Bambo Zulu, iwo kumapewa, ine kumiyendo. Mawu oti ndakukhululukirani sanawanene tsiku limenelo, ndipo sanawanenepo mpaka lero. Ine sindinawapemphenso. Ndinangotenga Loweruka limene bambo anu anasiya, n'kuphunzira kumeta ndevu.

Bambo Zulu anakhala pa njinga ija zaka khumi ndi chimodzi Mulungu asanawatenge. Mayi Zulu alipo, akukhala ndi mwana wawo wamkazi ku Brampton, maso ayamba kuchita khungu. Ana anga, ndi inu nonse amene mudzawerenge pepalali, ine musandidandaule, Mulungu wandichitira zabwino zoposa zimene ndinayenera. Koma mukagwada, muzitchula banja la a Zulu ndi dzina. Muzitchulanso a Phiri, mmisiri wa ku Thyolo, amene manja ake anakumbukira kwawo pa tsiku lolakwika.